Kodi kampani ili ndi ngongole yanji kwa anthu amene ikuwachotsa ntchito?

Nkhani yoti tiwerengere limodzi ulendo uno ikuchokera kutali, ku nyanja ya North Sea yomwe ili pakati pa Britain ndi Norway. Koma funso lake likukhudza aliyense amene analembedwapo ntchito kapena analembapo mnzake ntchito. Ntchito ikatha, kodi wolemba ntchito amatsala ndi ngongole yanji kwa munthu amene wakhala akumugwirira? Tiyeni tiwerenge mofatsa, ndime ndi ndime, ndipo kumapeto kuli mafunso oti tikambirane.

Zomwe zinachitika

Mu June 2014 mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita pafupifupi 159, unkagulidwa madola a ku America oposa 110. Pofika January 2016 mtengowo unali utatsika mpaka pansi pa madola 30. Zifukwa zikuluzikulu zinali zitatu. Ku United States anthu anali atayamba kutulutsa mafuta ochuluka m'miyala yotchedwa shale. Chuma cha dziko la China, chomwe chinkafuna mafuta ambiri chaka ndi chaka, chinayamba kukula pang'onopang'ono. Ndipo mu November 2014 mayiko a m'bungwe la OPEC, motsogozedwa ndi Saudi Arabia, anagwirizana zosachepetsa mafuta omwe ankatulutsa. Mafuta anachuluka pamsika kuposa ofuna kugula.

Kuti timvetse amene anayamba kupwetekeka, tidziwe kaye mmene ntchitoyi imayendera. Kampani zodziwika monga Shell ndi BP nthawi zambiri sizikumba zokha zitsime za pansi pa nyanja. Zimabwereka nsanja kapena sitima zokumbira kwa kampani zina monga Transocean ndi Seadrill, n'kumalipira pa tsiku. Mafuta atakwera mtengo, sitima imodzi yokumbira m'madzi akuya kwambiri inkatha kubwerekedwa pa mtengo woposa theka la miliyoni ya madola pa tsiku. Palinso kampani za mainjiniya zomwe zimajambula mapulani, kupanga zipangizo, kuyeza zitsime ndi kukonza nsanja zikawonongeka, monga Aker Solutions ya ku Norway, Wood Group ya ku Aberdeen ndi Schlumberger. Mtengo ukagwa, mwini mafuta amapitiriza kupopa m'zitsime zakale, chifukwa ndalama zake anazilowetsa kale. Chomwe amaimitsa msanga ndi kukumba zatsopano. Choncho oyamba kusowa chochita ndi okumba ndi mainjiniya.

N'zimene zinachitikadi. Nsanja zosowa ntchito zinkakokedwa kukaimikidwa mondondozana ku Cromarty Firth, kumpoto kwa Scotland. Mu January 2015 Schlumberger inalengeza kuti ichotsa anthu 9,000, ndipo mu April chaka chomwecho inawonjezera ena 11,000. Mu 2016 bungwe la Oil & Gas UK linanena kuti pofika kumapeto kwa chakacho ntchito pafupifupi 120,000 zidzakhala zitatha ku Britain, kuwerengera limodzi ndi za anthu omwe ankadyera m'mafuta ngakhale sanapondeko pansanja. Mumzinda wa Aberdeen mahotela, ogulitsa zakudya, oyendetsa mataxi ndi obwereketsa nyumba anamva kuwawa komweko. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Tiyambe tamvera mbali ya kampani

Munthu wofuna chilungamo sathamangira kuweruza asanamve mbali zonse. N'zosavuta kunena kuti mabwana ndi ouma mtima, koma taganizirani mkulu wa kampani yomwe ili ndi mainjiniya ambiri pamene ntchito zomwe zinalipo zathetsedwa. Malipiro a mwezi uliwonse amachokera ku ntchito zomwe kampani yapatsidwa. Ngati ntchitozo palibe, ndalama zosungidwa zimatha, mabanki amafuna zawo, ndipo tsiku lina kampani yonse imagwa. Pamenepo ovutika sakhalanso theka la antchito, amakhala onse. Zoterezi si nthano: Seadrill inapita kukhoti ku America kukapempha chitetezo kwa omwe inali nawo ngongole mu 2017, n'kubwereranso mu 2021.

Choncho sitinganene kuti kuchotsa munthu ntchito n'kulakwa nthawi zonse. Kulonjeza munthu ntchito yomwe kulibe ndi bodza, ndipo bodza lokoma limangochedwetsa misozi. Woyendetsa bwato lomwe layamba kulowa madzi ali ndi udindo kwa onse okwera, ndipo nthawi zina chosankha chilichonse chomwe ali nacho chimapweteka wina.

Komabe mawu akuti "panalibe kuchitira mwina" amabisa zambiri. Ngakhale pamene kuchepetsa antchito kuli kosapeweka, pamatsala zosankha zingapo: ndani ayambe kutaya, auzidwe liti, afunsidwe maganizo kapena ayi, ndipo achoke ndi chiyani m'manja. Pa zosankha zimenezi ndi pamene khalidwe la kampani limaonekera.

Ngongole yoyamba ndi kusenzera limodzi

Tsiku lomwe Schlumberger inalengeza zochotsa anthu 9,000 mu January 2015, inalengezanso kuti ikweza ndi 25 peresenti ndalama zomwe imagawira eni masheya. Malamulo sanaletse zimenezi. Koma tizifunse ngati zinali zachilungamo. Zaka zomwe mafuta anali pamtengo wabwino, phindu linapangidwa ndi zinthu ziwiri, ndalama za eni masheya ndi thukuta la antchito. Nyengo itasintha, mbali imodzi inalandira zowonjezera, inayo inalandira makalata.

Mu 2020, mliri wa COVID-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, mafuta anagwanso, moti pa 20 April mtengo wina wa ku America unafika pansi pa ziro. Ulendo umenewo kampani yomweyi inayamba yadula ndi 75 peresenti ndalama za eni masheya mu April, kenaka mu July inalengeza zochotsa anthu 21,000. Ochotsedwawo ululu wawo sunachepe, ndipo chiwerengero chawo chinali chachikulu kuposa cha mu January 2015. Komabe pali kusiyana pakati pa kuuza munthu kuti "tonse tataya, ndipo ife tayamba" ndi kumuuza kuti "iwe taya kuti ife tisataye".

Wina anganene kuti eni masheya si anthu olemera okhaokha. Ena mwa masheya a kampani zikuluzikulu ali m'manja mwa mabungwe osunga ndalama za penshoni, kutanthauza kuti kumbuyo kwake kuli agogo omwe anagwira ntchito moyo wawo wonse. Zimenezi n'zoona ndipo tisazinyoze. Koma bungwe la penshoni limamwaza ndalama zake m'makampani mazanamazana, moti imodzi ikachepetsa zogawa, zina zimakwirira. Injiniya kapena wowotcherera zitsulo ali ndi ntchito imodzi yokha. Nyumba yake, sukulu ya ana ake ndi mankhwala a makolo ake zonse zatsamira pa mtengo umodzi. Chilungamo sichigawa katundu mofanana kwa munthu wamkulu ndi kwa mwana. Chimayang'ana msana wa aliyense.

Wina anganenenso kuti antchito a panyanja ankalandira malipiro apamwamba, ndipo ambiri anali a makontirakiti omwe anasankha okha kulandira zambiri pa tsiku m'malo mwa ntchito yokhazikika. Iwo ankadziwa kuti mafuta amakwera n'kutsika, chifukwa zinachitikapo mu 1986 ndi mu 1998. Apanso pali choonadi. Munthu amene walandira zambiri m'nyengo ya zokolola ali ndi udindo wosunga, ndipo nkhokwe yake sangaiiwale n'kumaloza bwana yekha. Koma malipiro apamwambawo analinso mtengo wa zinthu zina: kukhala masabata awiri kapena atatu kutali ndi banja, kugwira maola 12 pa tsiku, kukwera helikopita pamwamba pa nyanja yozizira, ndi kugona pamwamba pa gasi woti akhoza kuyaka. Komanso ochotsedwa sanali olandira zambiri okhaokha. Munalinso ophika, oyeretsa, alembi ndi achinyamata omwe anali atangomaliza maphunziro.

Ngongole yachiwiri ndi choonadi

Akuluakulu a kampani amadziwa kuti ntchito zikutha miyezi ingapo antchito asanadziwe. Amaona makontirakiti omwe sakuwonjezeredwa ndiponso mapulani omwe aimitsidwa. Chiyeso chomwe amakumana nacho n'choti akhale chete, kapenanso anene kuti zonse zili bwino, poopa kuti anthu aluso angathawe ntchito yomwe ilipo isanathe. Pa nthawi yomweyo wantchito akutenga ngongole ya nyumba, akukana ntchito ina yomwe wapatsidwa, kapena akusamutsa banja lake kubwera ku Aberdeen kapena ku Stavanger.

Kubisa koteroko kumamulanda munthu chinthu chomwe sichingabwezedwe, chomwe ndi nthawi yokonzekera. Kumasonyezanso kuti kampani ikumuona ngati chipangizo choti chigwire ntchito mpaka tsiku lomaliza. Munthu wamkulu ayenera kuuzidwa zoona ngakhale zili zowawa, kuti asankhe yekha chochita ndi moyo wake. N'zotheka kuti ena achokadi msanga akauzidwa, ndipo kampani itayapo kanthu. Koma kukhulupirika komwe kumatha pamene kwayamba kudya ndalama sikunali kukhulupirika kwenikweni.

Ngongole yachitatu ndi kukambirana

Malamulo a ku Britain amati kampani yofuna kuchotsa anthu 20 kapena kuposerapo pamalo amodzi m'masiku 90 iyenera kukambirana ndi oimira antchito kwa masiku osachepera 30 munthu woyamba asanachotsedwe. Ngati ochotsedwa ndi 100 kapena kuposerapo, masikuwo ndi 45. Lamuloli ndi labwino, koma lamulo limangotha kukakamiza anthu kukhala m'chipinda chimodzi. Silingathe kuwakakamiza kumverana. Pali kukambirana kwina komwe mayina analembedwa kale, ndipo msonkhano umangokhala mwambo.

Kukambirana koona kumayamba ndi kuika mfundo zonse poyera, ndiponso ndi mtima wovomera kuti maganizo abwino akhoza kuchokera kwa aliyense. Mutu umodzi susenza denga. Anthu omwe amagwira ntchito pansanja amadziwa malo omwe ndalama zimatayika pachabe kuposa amene ali muofesi. Akafunsidwa, nthawi zina amasankha kuchepetsa maola kapena malipiro a onse kwa kanthawi kuti anzawo asachoke. Ena omwe atsala pang'ono kupuma amadzipereka okha kuti achinyamata atsale. Njira zoterezi sizipulumutsa ntchito zonse, koma sizingapezeke n'komwe ngati palibe amene wafunsa.

Ku Norway kuli dongosolo lotchedwa permittering. Ntchito ikachepa kwa kanthawi, kampani imatha kumuuza wantchito kuti ayambe wakhala kunyumba osamuchotsa m'kaundula. Masiku oyambirira amalipira ndi kampani, kenaka boma limamupatsa gawo la malipiro ake, ndipo ntchito ikabwerera amaitanidwanso. Dongosololi lili ndi malire a nthawi, ndipo ku Norway nakonso anthu ambiri a m'mafuta anachotsedwa ndithu. Koma likutiphunzitsa kuti pakati pa kusunga munthu ndi kumutaya pali njira zina, ngati boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito anazikonzeratu mavuto asanafike. Dziko lomweli linakhazikitsa mu 1990 thumba losungiramo ndalama za mafuta, ndipo ndalama zoyamba zinalowamo mu 1996. Linadziwa kuti chitsime chilichonse chili ndi tsiku lake louma.

Ngongole yachinayi ndi ya otsala

Kawirikawiri timaganizira ochoka okha, koma otsala nawonso ali ndi mlandu woti umvedwe. Mu 2015 kampani zingapo za ku North Sea mbali ya Britain zinasintha kagwiridwe ka ntchito kuti anthu azikhala panyanja masabata atatu otsatizana m'malo mwa awiri. Anthu ochepa, otopa, ndiponso oopa kuti mawa ndi iwo, amayamba kusunga pakamwa. Munthu woopa kuchotsedwa saimitsa ntchito akaona cholakwika, chifukwa safuna kutchedwa wovuta.

Pa 6 July 1988 nsanja ya Piper Alpha inaphulika ku North Sea ndipo anthu 167 anamwalira. Kafukufuku yemwe anatsogolera Lord Cullen anapeza kuti masana a tsikulo valavu yotetezera pampu ina inali itachotsedwa kuti ikakonzedwe, ndipo ogwira ntchito usiku anayatsa pampuyo osadziwa zimenezo. Ngoziyo sinayambe chifukwa cha kuchotsa anthu ntchito, ndipo tisaisakanize ndi za 2015. Koma phunziro lake likukhudza nkhani yathu. Pansanja moyo wa anthu umadalira uthenga womwe munthu amapatsira mnzake, ndiponso kulimba mtima kwa amene anganene kuti "imani kaye". Kampani ikachotsa anthu omwe agwira zaka makumi awiri, imachotsanso zomwe zinali m'mitu mwawo, monga kudziwa kulira kwa makina omwe ayamba kudwala. Choncho posankha ochoka, funso lisamangokhala loti ndani amadya ndalama zambiri. Pafunikanso kufunsa ngati otsalawo adzathe kugwira ntchito n'kubwerera kwawo amoyo.

Munthu ndi woposa ntchito yake

Ngakhale kampani italipira ngongole zonsezi, munthu wochotsedwa amapitabe kunyumba ndi bala. Ntchito imapatsa munthu chakudya, komanso imamupatsa malo pakati pa anzake, chifukwa chodzukira m'mawa, ndi chimwemwe chodziwa kuti manja ake akuthandiza ena. N'chifukwa chake ambiri ochotsedwa amachita manyazi ngati kuti alakwa, pamene chomwe chawachotsa ndi mtengo wa mafuta womwe unagwa chifukwa cha zochitika ku Texas ndi ku Vienna.

Apa pali zinthu ziwiri zoti tizigwire pamodzi. Choyamba, ntchito ndi yolemekezeka ndipo kuitaya ndi tsoka lenileni, losafunika kulipeputsa ndi mawu otonthoza achangu. Chachiwiri, ulemu wa munthu suchokera kwa womulemba ntchito, choncho womulembayo sangauchotse. Luso, kuona mtima ndi mzimu wotumikira zimatuluka naye limodzi pageti. Kampani inalemba ntchito maola ake, sinagule umunthu wake.

Mfundo imeneyi ikupereka udindo kwa achibale, anansi ndi abwenzi. Munthu akachotsedwa ntchito, foni yake imayamba kulira mwa apo ndi apo. Anzake otsala amamuzemba, ena chifukwa chosowa chonena, ena chifukwa chodziimba mlandu kuti iwo apulumuka. Koma ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Kumuyendera, kumuuza za mwayi womwe wamveka, ndi kumupempha kuti athandize pa zinthu zomwe amazidziwa, zimamukumbutsa kuti akufunikabe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikumbukirenso kuti nkhaniyi imatikhudza ngakhale tili kutali. Dziko logula mafuta onse kunja monga Malawi limapumako mafuta akatsika mtengo pamsika wa dziko lonse. Kutsika komweko ndi komwe kumatseka ntchito ku Aberdeen, ku Luanda ndi ku Port Harcourt. Sitilakwa kukondwera mafuta akatsika, koma ndi bwino kudziwa kuti anthu a padziko lapansi talumikizana moti mpumulo wa wina umatha kukhala chisoni cha mnzake yemwe sadzamuona.

Nanga ntchitoyo ikamapita osabwerera?

Pali funso lina lovuta. Mu December 2015, pamene anthu a m'mafuta ankachotsedwa ntchito, mayiko anagwirizana ku Paris zochepetsa mpweya womwe ukutenthetsa dziko, ndipo mbali yaikulu ya mpweyawo imachokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Mafuta a ku North Sea mbali ya Britain nawonso akhala akuchepa kuyambira cha mu 1999. Ndiye wina angafunse kuti, ngati ntchito yokumba mafuta iyenera kuchepa kuti dziko lipulumuke, tidandauliranji ikamatha?

Yankho ndi loti chinthu chabwino chikhoza kuchitidwa m'njira yoipa. Tonse takhala tikukwera magalimoto, kulandira katundu wobwera pa sitima ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki. Anthu a pansanja anakumba mafuta chifukwa ife tinkawafuna. Ngati tsopano dziko lasankha njira ina, mtengo wa kusinthako usagwere iwo okha. Mu 2016 boma la Scotland linaika mapaundi 12 miliyoni m'thumba lothandiza ochotsedwa m'mafuta kuphunzira ntchito zina. Luso lomanga ndi kukonza zitsulo pakati pa nyanja limafunikanso pa makina opanga magetsi ndi mphepo, ndiponso pa ntchito yotseka zitsime zakale ndi kuphwasula nsanja zomwe zatha ntchito. Si onse omwe angawoloke, ndipo malipiro a tsidya linalo nthawi zina ndi ochepa. Koma mlatho umamangidwa madzi asanasefukire, ndipo omanga ake ayenera kukhala kampani zomwe zinapindula, boma lomwe linatolera misonkho, ndi antchito eni ake.

Tikaphatikiza zonsezi, tikuona kuti kampani siingalonjeze munthu ntchito ya moyo wonse, ndipo sitiyenera kuiweruza chifukwa cholephera kulamulira mtengo wa mafuta. Tiyenera kuiweruza pa zomwe zinali m'manja mwake: ngati akuluakulu ndi eni masheya anataya nawo, ngati inanena zoona pa nthawi yake, ngati inamvera antchito isanasankhe, ndiponso ngati inateteza otsala ndi kuthandiza ochoka kupeza poyambira. Muyeso womwewu ndi wathunso, kwa ife amene tili ndi wantchito mmodzi pakhomo, m'munda kapena m'kagolosale.

Mafunso oti tikambirane

1. Kodi pali nthawi yomwe kusunga antchito onse kungakhale kulakwa? Perekani chitsanzo.

2. Mukanakhala mkulu wa kampani ndipo mukudziwa kuti ntchito itha pakapita miyezi isanu ndi umodzi, mukanawauza liti antchito anu? Mukanayankha chiyani kwa mnzanu woopa kuti aluso athawa?

3. Posankha ochoka, n'chiyani chiyenera kulemera kwambiri pakati pa luso, zaka zomwe munthu wagwira, ndi kukula kwa banja lomwe amasamala? Chifukwa chiyani?

4. Tingasiyanitse bwanji kukambirana koona ndi kukambirana kongokwaniritsa mwambo?

5. M'dera lathu lino, munthu akachotsedwa ntchito timamuchitira zotani m'mwezi woyamba? Nanga m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, pamene ambiri aiwala?